CHOTUPA CHOPANIKIZA MITSEMPHA YA M'MUTU

Anthu ambiri amene amafika pachipatala chaching'ono cha Chifunga, kumunsi kwa boma la Neno, akudandaula za litsipa, amapezeka ndi malungo, chimfine kapena kuthamanga kwa magazi. Amapimidwa, amalandira mankhwala, ndipo pakapita masiku owerengeka amabwerera kumunda. Koma pali mutu wina umene suyenera kuyesedwa wamba. Mutu umenewu umawawa mbali imodzi, kuseri kwa diso, ngati wina akuboola ndi chitsulo. Suleka ndi Panado. Pakatha masiku angapo chikope cha diso lomwelo chimagwa, kapena wodwala amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, kotero kuti mayi pothira madzi mumtsuko amathira pambali chifukwa akuona mitsuko iwiri.

Zizindikiro zotere zimasonyeza kuti mtsempha wina wochokera kubongo walephera kugwira ntchito. Chimodzi mwa zinthu zimene zimaulepheretsa ndi chotupa chomera m'kati mwa chigaza. Anthu akamva za chotupa cha m'mutu amataya mtima poganiza kuti ndi khansa, ndipo ena amathamangira kunena za ufiti. Komatu ziripo zotupa zimene si khansa ai, zimene zimatha ndi mankhwala akumwa. Vuto lagona pakuti zotupa zosiyana zimaonetsa zizindikiro zofanana pamene mankhwala ake ndi osiyana, ndipo mankhwala ochiza chotupa china akhoza kukulitsa chinzake. N'chifukwa chake kupima kuyenera kutsogola, kuchiza kubwere pambuyo.

Mitsempha 12 ya m'mutu

Mau akuti mitsempha amatanthauza zinthu ziwiri. Iripo mitsempha yoyendamo magazi, ndipo iripo ina yoyera ngati ulusi imene imanyamula mauthenga pakati pa bongo ndi ziwalo. Nkhani ino ikunena za mitsempha ya mauthenga. Yambiri mwa iyo imadzera mumsana, koma iripo 12 mbali iriyonse ya mutu imene imatuluka m'chigaza kudzera m'timabowo ta pansi pake. Madokotala amaiwerenga ndi manambala.

Woyamba ndi wa kununkhiza ndipo wachiwiri ndi wa kuona. Wachitatu, wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi amatembenuza diso. Wachitatu ndiwonso umakweza chikope ndi kuchepetsa mwanadiso pakakhala kuwala. Wachisanu umachititsa nkhope kumva kukhudzidwa ndiponso umayendetsa nsagwada potafuna. Wachisanu ndi chiwiri umatsinzinitsa diso ndi kuyendetsa milomo. Wachisanu ndi chitatu ndi wa kumva ndi kuima chiriri osadzandira. Wa nambala 9 ndi wa nambala 10 amathandiza kumeza ndi kutulutsa mau, wa 11 umakweza mapewa, ndipo wa 12 umayendetsa lilime.

Kuseri kwa diso lirilonse kuli kampata kopapatiza kamene mitsempha itatu yotembenuza diso imadutsamo pamodzi ndi nthambi za mtsempha wachisanu komanso mtsempha waukulu wa magazi opita kubongo. Malo amenewa ndi ochepa kwambiri ndipo azingidwa ndi fupa ndi nembanemba yolimba. Kachotupa kochepa ngati nsawawa, kamene pamkono sikakadavuta munthu, kakamera pamenepo kamapanikiza mitsempha yonseyo nthawi imodzi. Diso limaleka kutembenuka, chikope chimagwa ndipo pachipumi pamachita dzanzi. Poona ziwalo zimene zafooka, dokotala amatha kulozera pamene pali vuto ngakhale asanajambule mutu.

Chotupa cha chifuwa chachikulu

Thupi likalowedwa ndi tizirombo, chitetezo chake chimatumiza asilikali a m'magazi kukatizinga. Akaunjikana ambiri pamalo amodzi amapanga kampira kolimba. Kampira kameneka ndiko chotupa chobwera chifukwa cha kutupa, ndipo kusiyana kwake ndi khansa ndi kwakuti chimaphwa ngati chimene chinachiyambitsa chachotsedwa.

M'Malawi muno, chinthu choyamba chimene madokotala amachiganizira akaona chotupa chotere ndi chifuwa chachikulu, kapena kuti TB. Kachirombo ka matendawa kanapezedwa ndi Robert Koch wa ku Germany m'chaka cha 1882. Ngakhale kuti kamakonda mapapo, kamatha kuyenda ndi magazi mpaka kufika kubongo. Mwa anthu 100 odwala TB, pafupifupi mmodzi amakhala nayo kubongo kapena m'nembanemba zokuta bongo, ndipo uwu ndiwo mtundu woopsa kuposa yonse.

Kachiromboka kakafika m'mutu kamachita zinthu ziwiri. Nthawi zina kamapanga chotupa chozungulira chimene madokotala amachitcha tuberculoma. Nthawi zinanso kamatupitsa nembanemba za pansi pa bongo ndi kuunjikapo zonanda zimene zimakulunga mitsempha pamene ikutuluka m'chigaza. Mtsempha umene umagwidwa kawirikawiri ndi wachisanu ndi chimodzi, ndipo ukafooka diso limalephera kutembenukira kunja ndipo limapendekera kumphuno.

Matendawa amayamba pang'onopang'ono, kwa masabata awiri kapena kupitirira. Wodwala amamva mutu tsiku ndi tsiku, amatentha thupi madzulo, amatuluka thukuta usiku, sakhumba chakudya ndipo amaonda. Ena amakomoka ngati akhunyu. Chofunika kukumbukira ndi chakuti ambiri mwa iwo satsokomola konse, motero kusatsokomola si umboni wakuti munthu alibe TB. Amene amagwidwa msanga ndi ana aang'ono ndi anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV, makamaka osamwa ma ARV kapena amene anawalekeza.

Chotupa chosowa

Pali chotupa china chimene chimaoneka mwa apo ndi apo. Madokotala akachipima sapezamo kachirombo kapena khansa. Amangopeza asilikali a m'thupi ataunjikana popanda mdani wooneka, ngati alonda amene akumenya eni nyumba. Poti pachithunzi chimafanana ndi khansa koma si khansa, amachitcha pseudotumour, kutanthauza chotupa chonamizira.

Chikamera m'kampata ka kuseri kwa diso kaja, matendawo amatchedwa Tolosa-Hunt. Dzinali linachokera kwa madokotala awiri. Eduardo Tolosa wa ku Spain analongosola za wodwala woyamba m'chaka cha 1954, ndipo William Hunt wa ku America pamodzi ndi anzake analemba za odwala ena 6 m'chaka cha 1961. Matendawa amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 1,000,000 pa chaka. Amagwira amuna ndi akazi omwe, sapatsirana, ndipo sabwera chifukwa cha chakudya kapena cholakwa chirichonse cha wodwalayo. Chizindikiro chake chachikulu ndi ululu woboola wa kuseri kwa diso limodzi, wotsatiridwa ndi kufooka kwa diso lomwelo pasanathe masabata awiri.

Madokotala a ku Japan anazindikira kuti zina mwa zotupa zonamizirazi ndi mbali ya matenda amodzi otchedwa IgG4, amene amathanso kutupitsa anabere otulutsa misozi ndi malovu, kapamba ndi impso. N'chifukwa chake dokotala amapima thupi lonse ngakhale wodwala akudandaula za diso lokha.

Palibe chipimo chimodzi chimene chimatsimikiza kuti munthu ali ndi Tolosa-Hunt. Dzina limeneli limaperekedwa pomalizira, matenda ena onse ofanana nalo atafufuzidwa ndi kusapezeka. M'dziko limene TB ndi yofala, wodwala wa zizindikiro zimenezi amakhala ndi TB kawirikawiri kuposa chotupa chosowachi.

Matenda ena ofanana nacho

Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amatha kutseka timitsempha ta magazi todyetsa mtsempha wa diso, ndipo chikope chimagwa popanda chotupa chirichonse. Kufooka kotere kumatha m'miyezi itatu mwa anthu ambiri. Chindoko chokhalitsa chimafika kubongo ndi kuononga mitsempha yomweyi. Khate limafooketsa mtsempha wotsinzinitsa diso. Mwa anthu amene chitetezo chao chatsika chifukwa cha HIV muli matenda oumitsa khosi otchedwa cryptococcus, ndi zotupa za kachirombo ka toxoplasma. Iriponso khansa yeniyeni, monga yomera kuseri kwa mphuno, ndi khansa ya Burkitt imene imatupitsa nsagwada kapena diso la mwana.

Pali zinthu zina zimene sizilola kudikira mpaka kutacha. Mutu woyamba mwadzidzidzi ndi ululu woopsa, chikope n'kugwa ndipo mwanadiso n'kukula kuposa wa diso linalo, ukhoza kusonyeza kuti mtsempha wa magazi wafufuma ndipo uli pafupi kuphulika. Chithupsa cha pamphuno kapena pamlomo wa m'mwamba chikafinyidwa, mafinya ake amatha kulowa m'kampata ka kuseri kwa diso; diso limatupa ndi kutuzuka ndipo thupi limatentha kwambiri. Kuuma khosi, kusokonezeka mutu, kusinza kosadzutsika, kusanza kosalekeza, kukomoka, kuchita khungu kapena kufooka kwa mkono ndi mwendo, zonsezi zimafuna kuti wodwala atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Kupima kwake

Kupima kumayambira pachipatala chaching'ono. Wachipatala amafunsa tsiku limene mutu unayamba, mbali imene ukuwawa, ndi chimene chinayamba pakati pa ululu ndi kugwa kwa chikope. Amafunsanso ngati pabanjapo pali amene anadwalapo TB. Kenaka amayendetsa chala pamaso pa wodwala kuti aone m'mene maso akutembenukira, amaunika mwanadiso ndi tochi, amakhudza nkhope mbali zonse ziwiri, ndipo amamuuza kuti atsinzine, aonetse mano ndi kutulutsa lilime. Amapima malungo, shuga, kuthamanga kwa magazi, HIV ndi chindoko. Wodwala ayenera kutchula mankhwala onse amene wamwa kale, a kugolosale ndi azitsamba omwe, osabisa kanthu. Mbale amene anaona m'mene matenda anayambira ndi wofunika kukhalapo, chifukwa wodwala mutu amaiwala zambiri.

Mtsempha ukapezeka kuti wafookadi, wodwala amapatsidwa kalata yopita kuchipatala chokulirapo. Kwa anthu a ku Chifunga, zipatala zimenezi ndi cha Lisungwi ndi chipatala chachikulu cha boma la Neno. Pa gawo limeneli amajambula chifuwa, amapima makhololo, ndipo nthawi zambiri amatenga madzi a mumsana. Makina a GeneXpert, amene bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linawavomereza m'chaka cha 2010, amapeza kachirombo ka TB m'maola ochepa. Komabe m'madzi a mumsana tizirombo timakhala tochepa kwambiri, kotero kuti makinawo akapanda kutipeza sizitanthauza kuti TB palibe. Dokotala amayang'ananso maonekedwe a madziwo, kuchuluka kwa shuga ndi mtundu wa asilikali a m'thupi amene alimo.

Anthu ambiri amaopa kutengedwa madzi a mumsana chifukwa anamva kuti kumapha kapena kupuwalitsa. Singano imalowa m'chiuno, pansi pa pamene chingwe cha msana chimathera, ndipo madzi otengedwawo thupi limawabwezera tsiku lomwelo. Ambiri mwa amene amamwalira atatengedwa madziwa amakhala kuti anafika matenda atakula kale. Dokotala akaona kuti chotupa chapanikiza bongo kwambiri, amayamba wajambula mutu asanabaye.

Kujambula m'kati mwa mutu kumachitika m'zipatala zazikulu monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri amachitcha Gulupu. Makina a CT amaonetsa fupa, magazi okha ndi zotupa zokulirapo. Makina a MRI, amene anafika pachipatalachi koyamba m'chaka cha 2008, amaonetsa bwino zotupa zazing'ono za pansi pa bongo. Kujambulaku sikupweteka. Chithunzi chikapanda kupereka yankho, madokotala amatha kudula kachidutswa ka chotupa kapena ka mwanabere wotupa wa m'khosi kuti akakaunike.

Ulendo wonsewu umatha masiku, nthawi zina masabata, ndipo umadya ndalama za ulendo ndi chakudya cha wodikira wodwala. Ambiri amagwa ulesi pakati panjira ndi kubwerera kumudzi. Koma akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Banja lichita bwino kugawana ntchito msanga, wina woperekeza wodwala, wina wosamala ana ndi munda, kuti kupimako kufike kumapeto.

Kuchiza kwake

Chotupa cha TB chimachizidwa ndi mankhwala anayi: rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol. Onse anayi amamwedwa miyezi iwiri yoyamba, kenaka wodwala amapitiriza ndi awiri oyambawo. TB ya m'mapapo imatha ndi miyezi 6, koma ya kubongo imafuna miyezi 9 mpaka 12, ndipo nthawi zina dokotala amaonjezera. Mankhwalawa ndi aulere m'zipatala za boma. Pa masabata 6 mpaka 8 oyamba dokotala amaonjezera mankhwala ophwetsa zotupa monga prednisolone kapena dexamethasone. Kafukufuku wa ku Vietnam wa m'chaka cha 2004 anaonetsa kuti kuonjezera dexamethasone kumachepetsa imfa pakati pa odwala TB ya nembanemba za bongo.

Rifampicin amafiiritsa mkodzo ndi misozi, ndipo zimenezi si zoopsa. Amachepetsanso mphamvu ya mapiritsi akulera ndi timachubu ta pamkono, motero mayi ayenera kukambirana ndi anamwino za njira ina. Maso akasanduka achikasu, thupi likatuluka zidzolo, kapena maso akayamba kuchita chimbuuzi, wodwala abwerere kuchipatala msanga. Nthawi zina chotupa chimakula pang'ono m'miyezi yoyamba ya mankhwala chifukwa chitetezo cha thupi chikulimbana ndi tizirombo takufa. Izi sizitanthauza kuti mankhwala alephera, koma dokotala ayenera kudziwitsidwa. Amene wapezeka ndi HIV nthawi yomweyo amayamba ma ARV patapita masabata 4 mpaka 8, pa tsiku limene dokotala wanena.

Chotupa chonamizira chija chimachizidwa ndi prednisolone. Pa matenda a Tolosa-Hunt ululu umaleka msanga, kawirikawiri pasanathe masiku atatu, koma diso limatenga masabata kapena miyezi kuti liyambenso kutembenuka bwino. Pafupifupi theka la odwala amawadwalanso patapita miyezi kapena zaka, mbali yomweyo kapena inayo. Akabwereza, kupima kumayambiranso, pakuti nthawi zina chimene chinayesedwa chotupa chonamizira chimadzapezeka kuti ndi matenda ena.

Apa ndi pamene pali msampha waukulu. Prednisolone amaphwetsa kwa kanthawi pafupifupi chotupa chirichonse, cha TB ndi cha khansa zina chomwe. Munthu akagula mapiritsiwa payekha, mutu umaleka ndipo chikope chimatseguka, iye n'kumati wachira. Koma mankhwalawa amagonetsa chitetezo cha thupi, ndipo ngati chotupacho ndi cha TB tizirombo timaswana mosaletseka mpaka kufalikira bongo wonse. Amasokonezanso zotsatira za kupima, kotero kuti dokotala amavutika kupeza matenda enieni. Safunsa anadya phula. Mapiritsi amenewa asagulidwe pamsika kapena kupemphedwa kwa mnansi amene amawamwa chifukwa cha mphumu.

Ngakhale amene wapatsidwa prednisolone ndi dokotala ayenera kusamala. Mankhwalawa amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amatupitsa nkhope, amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amafooketsa mafupa akamwedwa nthawi yaitali. Amwedwe m'mawa munthu atadya. Asalekezedwe mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litaleka kupanga mphamvu yake yofanana ndi mankhwalawo, ndipo wodwala akhoza kufooka mpaka kukomoka. Dokotala ndiye amachepetsa mapiritsi pang'onopang'ono mpaka kutha.

Kusamala wodwala kumudzi

Amene akuona zinthu ziwiriziwiri aphimbe diso limodzi ndi kansalu koyera, ndipo asapalase njinga, asayendetse njinga yamoto, asagwire nkhwangwa kapena kuphika yekha pamoto mpaka maso atalunga. Ngati diso silitsinzina, lipakidwe mankhwala a kuchipatala ndi kuphimbidwa pogona, chifukwa likauma limachita chilonda ndipo likhoza kufa. Madzi a zitsamba, shuga kapena mkaka wa m'mawere zisathiridwe m'diso. Mphini zotemedwa m'litsipa sizifika pamene pali chotupa, koma zimatsegulira tizirombo khomo. Wovutika kumeza adye phala kapena nsima yofewa atakhala tsonga, pang'onopang'ono, kuti chakudya chisalowe m'mapapo.

Kuyambira m'chaka cha 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'boma la Neno, ndipo m'chaka cha 2015 bomali linayamba kuona odwala matenda a mgonagona, monga HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi khunyu, pakiliniki imodzi. Wodwala amene wabwerera kuchokera ku Blantyre aonetse buku lake la kuchipatala kwa achipatala a ku Chifunga ndi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake, kuti amutsate pa kamwedwe ka mankhwala ndi masiku obwerera kukapimidwa. Ngati matenda ake ndi TB, onse a m'nyumbamo apimidwe, makamaka ana osakwana zaka zisanu, amene amapatsidwa mankhwala owateteza. Katemera wa BCG, amene mwana amalandira atangobadwa, amachepetsa kwambiri ngozi ya TB ya kubongo pa ubwana.

Mtsempha umene wapanikizika masiku ochepa umatha kutsitsimuka, koma umene wapanikizika miyezi yambiri ukhoza kufa osadzukanso. Pa chifukwa chimenechi, munthu aliyense amene mutu ukumuwawa pamodzi ndi kugwa kwa chikope, kuona ziwiriziwiri, dzanzi la nkhope kapena kupindika kwa mlomo apite kuchipatala tsiku lomwelo, alandire kalata ngati atumizidwa kwina, ndipo asamwe mankhwala ophwetsa chotupa mpaka madokotala atadziwa mtundu wake.